Werengani Njinga Yanu Yakale

Kodi pakhomo panu pali njinga yakale imene inaleka kuyenda? Mwina ili kuseri kwa nyumba, yatsamira khoma. Mwina inapachikidwa kudenga la khitchini ndipo yada bii ndi mwaye. Matayala anaphwa kalekale. Tcheni chinauma gwa ndi dzimbiri. Chishalo anadya makoswe. Ana amangoti ndi chitsulo cha agogo.

Tsiku lina pabwera mnyamata wa wilibala, akufuula kuti akugula zitsulo zakutha. Aika njingayo pa sikelo, akupatsani ndalama ya makilo ake, basi wapita. Ndalamayo ithera pa mchere ndi sopo. Njinga imene bambo anu anaikhetsera thukuta ku migodi yapita osabweranso.

Musafulumire, abale. Inu tsopano mumadziwa kuwerenga. Njinga nayonso ili ndi malemba ndi manambala ake. Alipo kutsogolo, pa habu, pa tayala ndiponso pa felemu. Munthu wodziwa kuwawerenga amadziwa mtundu wa njingayo, zaka zake, ndi zitsulo zimene zingakwanepo. Wosawerenga amangogula chilichonse chimene wogulitsa wamulozera. Tiyeni tiione bwino njinga imeneyi tisanaitaye.

Njinga zimenezi zinachokera kuti?

Funsani akuluakulu a kwanu. Akuuzani kuti kale munthu akabwera kuchokera ku Joni kapena ku Halale, anthu ankayamba aona katundu wake: sutukesi, mabulangete ndi njinga. Amuna ambiri a kuno ankapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Ena ankapita ku mafamu a ku Rhodesia kudzera ku Mthandizi. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo anafera pomwepo. Boma linaimitsa ulendo wa ku migodi. Ulendowu unayambanso mu 1977 pansi pa bungwe la TEBA, lija anthu ankati Theba, nkudzatha mu 1988. Njinga zambiri zakale zinabwera ndi anthu amenewa, kapena zinagulidwa m'masitolo a konkuno ndi ndalama za kumeneko. Zina anagula aphunzitsi, alangizi a zaulimi, ndi alimi atagulitsa fodya kapena mtedza.

Maina ake mukuwadziwa: Humber, ija timati Hamba, Raleigh, Rudge, BSA ndi Hercules. Zonsezi ndi za ku England. Kampani ya Raleigh inali mu mzinda wa Nottingham. Inagula ntchito yopanga njinga za Humber mu 1932, za Rudge mu 1943, ndi za BSA mu 1957. Choncho Humber ndi Raleigh za m'zaka za m'ma 1950 ndi ana a mimba imodzi. Maina ndi osiyana, koma zitsulo zake zambiri zimalowana. Sungani mfundo imeneyi, tiibwereranso.

Pambuyo pake kunabwera njinga za Phoenix zochokera ku Shanghai m'dziko la China, ndi za Hero ndi Avon zochokera ku Ludhiana m'dziko la India. Kwa anzathu ku Chipata, m'zaka za m'ma 1980, fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle. Njinga zonsezi zinatengera kapangidwe ka Chingelezi kaja: magudumu aakulu, mabuleki a ndodo, felemu yolemera. Apa ndiye pali mwayi wathu. Raleigh inaleka kupanga njinga ku Nottingham mu 2002, koma matayala, machubu, masipoko, matcheni ndi mipira ya mabuleki ya njinga zotere zikupezekabe, chifukwa a kabaza ndi onyamula makala amazifuna tsiku ndi tsiku.

Palinso mtundu wina. Ndi njinga zopepuka zija, za matayala oonda, za magiya ambiri, mahandulo ake opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Zimenezi ndi za liwiro pa msewu wa tala, si zonyamulira matumba a chimanga ayi. Zina zinabwera ndi anthu akunja okhala kumayadi, monga ku Area 3, Area 9, Area 10, Area 12 ndi Area 43. Pobwerera kwawo ankazigulitsa kapena kusiyira antchito awo. Zina zimabwera zogwiritsidwa kale ntchito, monga momwe amabwerera kaunjika. Njinga zotere zimavuta masipeyala, ndipo ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama.

Dzina la kutsogolo

Tengani kansanza konyowa ndi sopo pang'ono. Pukutani kutsogolo kwa felemu, pansi pa mahandulo. Mupezapo kachitsulo kopyapyala kolembedwa dzina la njinga. Werengani pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. Pa Raleigh muonapo mutu wa mbalame ya khosi lalitali, yonga kakowa, ndi mawu akuti Nottingham England.

Ngati kachitsuloko kanachoka, yang'anani giya yaikulu imene tcheni chimakwerapo, pa mapedulo paja. Opanga ankaiboola mwaluso. Pa Raleigh pali mitu ya mbalame ija. Pa Rudge pali dzanja lotambasula. Pa Humber pali tianthu togwirana ngati tikuvina mozungulira. Humber zambiri zilinso ndi foloko yachilendo: mbali iliyonse ili ndi timipope tiwiri toonda m'malo mwa mpope umodzi. Foloko yotere simungaisokoneze ndi ina.

Koma chenjerani. Dzina lomata ndi pepala kapena lolemba ndi penti silinena zoona nthawi zonse. Pepala lolembedwa Humber munthu aliyense angathe kulimata pa felemu iliyonse. Khulupirirani zimene zinadindidwa pa chitsulo.

Zaka za njinga

Ngati njinga yanu ili ndi magiya atatu obisika m'kati mwa habu ya kumbuyo, muli ndi mwayi. Pukutani habuyo. Mupeza mawu akuti Sturmey-Archer, zilembo ziwiri monga AW, ndi manambala awiri otalikirana. Nambala yoyamba ndi chaka, yachiwiri ndi mwezi. Mukaona 62 ndi 5, ndiye kuti habuyo inapangidwa mu May 1962. Ngati gudumulo silinasinthidwepo, njinga yonse ndi ya nthawi yomweyo. Taonani, mwadziwa zaka za njinga popanda kufunsa munthu.

Habu imeneyi musaitaye ngakhale magiya asakulowa. Kawirikawiri vuto limakhala mafuta ouma kapena waya wosinthira magiya. Pamimba pa habuyo pali kachitseko kakang'ono kothirira mafuta. Imafuna madontho ochepa a oyilo wopepuka, osati girisi. Ndaonapo anthu akuichotsa habu yotere nkuikamo ina yotsika mtengo, ya giya imodzi, yakaleyo nkupatsa ana kuti aziseweretsa. Zimandiwawa ndithu.

Nambala ya pa tayala

Apa ndiye mumvetsetse, chifukwa ine ndemwe ndinalirapo. Tsiku lina ndinapita kukagula tayala la njinga yanga yakale. Ndinangouza wogulitsa kuti ndikufuna la 28. Anandipatsa tayala lolembedwadi 28. Kufika kunyumba, tayala likukana kulowa. Ndinalimbana nalo ndi masipuni awiri mpaka ndinaboola chubu chatsopano. M'mawa mwake ndinabwerera nalo, koma wogulitsa anakana kulilandira, akuti ndalidetsa. Ndalama inapita, njinga ili chigonere.

Cholakwa chinali changa. Sindinawerenge nambala yonse. Matayala otchedwa 28 alipo a mitundu iwiri, ndipo salowana.

Yang'anani m'mbali mwa tayala lakale. Pa njinga za mabuleki a ndodo, monga Humber, Phoenix ndi Hero, mupeza 28 x 1½. Pafupi pake pamakhala nambala ina, monga 40-635. Nambala yomalizayo, 635, ndiyo yofunika koposa. Imanena kukula kwa limu m'mamilimita. Tayala limene ndinagula ine linali la 622. Limeneli nalonso ena amalilemba 28, ena amalilemba 700C. Ndi la njinga zopepuka zija. Kusiyana kwake ndi mamilimita 13 okha, koma ngakhale mutaitana anyamata anayi amphamvu, silingalowe.

Palinso tayala la 27 x 1¼, la njinga za liwiro zakale. Nambala yake ndi 630. Mwaona zodabwitsa? Tayala lotchedwa 27 ndi lalikulu kuposa 28 wa 622 uja. Nawo matayala a 26 ali mitundumitundu. La 26 x 1⅜, la njinga za Chingelezi zazing'onopo, ndi 590. La njinga zonenepa matayala zija timati mauntenibaiki ndi 559.

Tsono musaloweze zonsezi pamtima. Tengani pepala ndi pensulo, mukopere nambala yonse monga ilili pa tayala lanu. Mukafika m'sitolo, itanitsani tayala, mulitembenuze, mufanizire nambala ndi pepala lanu musanatulutse ndalama. Wogulitsa akaona mukuwerenga nokha, amasintha kalankhulidwe.

Limu nayo muione. Mabuleki a ndodo amakoka mipira kuti igwire kumimba kwa limu, pafupi ndi masipoko. Mabuleki a waya amapana limu m'mbali. Malimu ake ndi osiyana kapangidwe. Werenganinso mabowo a masipoko. Njinga zambiri za mtundu wakale zili ndi 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo. Zopepuka zambiri zili ndi 36 konsekonse. Mabowo a limu ayenera kufanana ndi a habu.

Nkhani ya mazinga

Iyi ndi nkhani imene yapha njinga zabwino zambiri. Mazinga ndi mizere ija ya pa bawuti, imene nati imayendamo. Pansi pa felemu, pamene ekiselo ya mapedulo imadutsa, pali makapu awiri achitsulo olowa ndi mazinga. Pa mapaketi a masipeyala amalembapo B.B. Njinga zambiri zili ndi mizere 24 pa inchi imodzi pamalo amenewa. Koma zopangidwa ku fakitale ya Raleigh ku Nottingham zili ndi mizere 26. Ndi chimodzimodzi pa khosi la foloko.

Ndi maso simungaone kusiyanako. Kapu yatsopano imayamba kulowa bwinobwino. Ikazungulira kawiri kapena katatu, imalimba. Munthu wosadziwa amatenga sipanala yaikulu, mwinanso kuwonjeza mpope kuti akoke mwamphamvu. Kapu imalowadi, koma mazinga a felemu aphwanyika. Pakapita miyezi yochepa mapedulo ayamba kugwedera, ndipo palibenso kapu imene ingagwire. Felemu imene inapirira zaka 60 yafa tsiku limodzi.

Lamulo lake ndi lapafupi. Chitsulo chilichonse cha mazinga chiyambeni ndi zala. Chikalimba msanga, imani. Musalole mmisiri, ngakhale wa imvi, kuti akakamize. Muuzeni mwaulemu kuti, "Bambo, njingayi ndi ya Nottingham, mazinga ake ndi ena." Mmisiri wabwino sakwiya nazo.

Nanga makapu oyenera muwapeza kuti? Choyamba, musataye akalewo musanawaone bwino. Chitsulo chake ndi cholimba kwambiri. Mukawatsuka, nthawi zambiri mupeza kuti m'kati ndi mosalala, chofunika ndi mabelingi atsopano okha. Ngati anakumbika, funani Raleigh, Humber kapena Rudge ina yakufa, muchotse makapu ake. Paja tinati ndi ana a mimba imodzi. Ichi ndicho chifukwa amisiri ochenjera amasunga mafelemu othyoka kuseri kwa shedi yawo.

Njinga zopepuka zakale za ku France, monga Peugeot, ndi za ku Italy, monga Bianchi, nazo zili ndi mazinga awoawo. Mukapeza yotere, musataye kanthu kalikonse kochokera pa iyo, ngakhale kanati kakang'ono.

Yambani ndi felemu

Musagule sipeyala ngakhale imodzi musanaone felemu ndi foloko. Zina zonse zimasinthika. Izi ziwiri ndizo njinga.

Tsukani matope onse. Yendetsani chala kunsi kwa mipope iwiri imene imakumana ndi khosi la njinga. Mukamva kakhwinya, kapena muona penti itasweka mozungulira, njingayo inagundapo chinthu mwamphamvu. Onani foloko chammbali. Iyenera kutsika molunjika ndi khosi, kenaka nkupindikira kutsogolo. Ikabwerera m'mbuyo, inapindika. Funaninso ming'alu, makamaka pamwamba pa foloko ndi m'malo olumikizira. Foloko ya mng'alu musayende nayo. Ganizani ikuthyoka muli pa mtsetse wopita ku mlatho wa Lilongwe, kumbuyo mwanyamula mwana, minibasi ili pambali.

Kuti mudziwe ngati felemu ndi yowongoka, tengani chingwe. Mangani kumbuyo pamene gudumu limalowa, mbali ya kumanja. Chizungulitseni kutsogolo kwa khosi, mubwere nacho kumbuyo mbali ya kumanzere, mumange. Tsono yezani mpata kuchokera pa chingwe kufika pa mpope wa chishalo, uku ndi uku. Mipata iwiriyo ikafanana, felemu ili bwino.

Mafelemu akalewa sanawotcherere ndi magetsi. Analowetsa mipope m'zolumikizira nkuthiramo mkuwa wosungunula. Mipope yake ndi yopyapyala, makamaka pa njinga zopepuka. Mukaona kapepala kolembedwa Reynolds 531 pa felemu, dziwani kuti ndi chitsulo chabwino kwambiri cha ku Birmingham, chopepuka ndi cholimba. Moto wa magetsi umaboola chitsulo chotere. Funani wowotcherera ndi gasi ndi mkuwa.

Kumasula ndi kutsuka

Yalani thumba pansi kuti tizitsulo tisasowe mu fumbi. Pezani zitini zingapo. Pa chitini chilichonse ikani kapepala kolembedwa ndi dzanja lanu: gudumu la kutsogolo, gudumu la kumbuyo, mapedulo, khosi. Pakapita sabata mudzathokoza timapepalati.

Werengani mabelingi pamene mukuwachotsa. Sali ofanana. Kawirikawiri habu ya kumbuyo ya giya imodzi imakhala ndi 9 mbali iliyonse, a 1/4 ya inchi. Ya kutsogolo imakhala ndi 10 mbali iliyonse, ang'onoang'ono, a 3/16. Pa ekiselo ya mapedulo pamakhala 11 mbali iliyonse, a 1/4. Lembani zimene mwapeza. Musasakanize akale ndi atsopano. Tsukani zonse ndi palafini, kutali ndi moto ndi ana. Pukutani, pakani girisi watsopano. Pomanga makoni, gudumu lizizungulira momasuka koma lisamagwedere.

Mapedulo ali ndi zilembo pa ekiselo yake. R ndi ya kumanja, L ndi ya kumanzere. Ya kumanzere mazinga ake ndi otembenuza. Mukamaimasula monga mumasulira nati wamba, ndiye kuti mukuimanga. Ambiri athyola sipanala pamenepa.

Kotapini nayo imafuna ulemu. Masulani nati mpaka ifanane ndi nsonga ya kotapini, musaichotse. Chirikizani mkono wa pedulo pa chitsulo kapena mtengo wolimba wofika pansi, kuti nkhonya ya hamala isapite ku mabelingi. Menyani kamodzi mwamphamvu, osati kugogoda kambirimbiri. Pokagula ina, tengani yakaleyo, chifukwa zilipo za mamilimita 9 ndi za 9.5.

Mpope wa chishalo ukakanirira, thirani oyilo wosakaniza ndi palafini m'mphepete mwake m'mawa ndi madzulo. Dikirani masiku atatu kapena anayi. Dzimbiri la zaka 30 silichoka ndi ukali.

Mahandulo ndi malimu onyezimira aja akachita dzimbiri, akwecheni pang'onopang'ono ndi waya wosalala wotsukira mapoto, mutathira oyilo. Sandipepa amachotsa kunyezimira konse. Manati ndi mabawuti a dzimbiri agonekeni mu viniga usiku umodzi, m'mawa muwatsuke, muwaumitse, muwapake oyilo.

Za penti ndinene maganizo anga. Ngati penti yakale ikadalipo, ndipo maina ndi timizere tagolide tikuoneka, musaipentenso. Ingotsukani nkupaka polishi. Njinga yopakidwa penti ya zitseko ndi bulashi, dzina lonse litakwiririka, imaoneka yatsopano sabata imodzi yokha, ndipo mtengo wake umatsika. Pentani pokhapo pamene dzimbiri likudya chitsulo. Chishalo chachikopa cholembedwa Brooks kumbuyo nacho musachitaye ngati chikopa sichinang'ambike. Chipakeni mafuta pang'ono kunsi, ndipo musachisiye pa mvula.

Mipira ya mabuleki yokha ikani yatsopano, musanyengerere. Kachitsulo kogwira mpira kali ndi mbali yotseka ndi yotsegula. Yotseka iyang'ane kutsogolo, apo ayi mpira udzasolola tsiku limene mudzaufune kwambiri. Kumbukiraninso kuti limu yachitsulo ikanyowa, mabuleki amachedwa kugwira. M'dzinja yambani kumanga buleki mukadali patali.

Kofuna masipeyala mu Lilongwe

Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo maofesi a boma anamangidwa ku City Centre ndi ku Capital Hill. Koma malonda a zitsulo anatsalira ku Old Town. Ku Area 4 kuli masitolo a hadiweya ndi magalaja ambiri. Kumeneko mungapeze girisi, oyilo, masipanala, mabawuti ndi anthu owotcherera. Mukawoloka mlatho wa Lilongwe mufika ku Area 2, kumene kuli msika waukulu ndi msewu wa Malangalanga. Kumeneko ndiko kumapezeka masipeyala a njinga, atsopano ndi akale omwe.

Zatsopano gulani m'sitolo: matayala, machubu, tcheni, masipoko, mabelingi. Tcheni nacho chili pawiri. Cha njinga ya giya imodzi ndi chonenepa, pa bokosi amalemba 1/2 x 1/8. Cha magiya ambiri ndi choonda, 1/2 x 3/32. Koma zakale zenizeni, monga makapu a Raleigh, foloko ya Humber kapena zam'kati mwa habu ya Sturmey-Archer, sizikhala pa shelefu. Zimakhala m'mabokosi a amisiri okonza njinga pansi pa mitengo, kumsika ndi m'makwalala a ku Kawale, Mchesi, Chinsapo ndi Area 25. Muwapatse moni, mukhale pansi, mucheze. Funsani mmisiri wamkulu msinkhu. Iye ndiye amakumbuka bokosi limene muli chinthu chimene mukufuna. Ndipo nthawi zonse pitani ndi chitsulo chakalecho m'thumba kuti mukafanizire.

Kusunga ndi kugulitsa

Mwina mwaona kale kuti apa pali kabizinesi. Njinga yakufa imene wogula zitsulo akanaitenga pa mtengo wa makilo ili ndi ziwalo zambiri zamoyo. Munthu amene amasonkhanitsa zimenezi, nkuzitsuka, nkuzisunga m'zitini zolembedwa maina, amathandiza anzake ndipo amapezapo kangachepe. Kope limodzi likwanira: tsiku, chimene mwagula, kwa yani, mtengo wake, ndi mtengo umene mwagulitsira.

Kunja kuli anthu amene amakonda njinga zakale kwambiri. Ku Italy, m'mudzi wa Gaiole in Chianti, kuli mwambo wopalasa njinga wotchedwa L'Eroica, umene unayamba mu 1997. Kumeneko amafuna njinga za liwiro za mtundu wakale, za 1987 kapena m'mbuyo mwake. Anthu otere amafunafuna ziwalo zenizeni za nthawi imeneyo. Kwa iwo chishalo chakale cha Brooks kapena felemu ya Reynolds 531 ndi chinthu cha mtengo. Muno mu mzinda namonso mungakumane ndi munthu wofuna Humber chifukwa cha ukale wake.

Koma ndisakunamizeni. Si njinga yakale iliyonse imene ili chuma. Zambiri phindu lake ndi kuyenda basi: kukufikitsani ku ntchito osalipira minibasi, kunyamula ndiwo kupita nazo kumsika, kuthamangira ndi wodwala ku chipatala usiku. Phindu limeneli si laling'ono. Munthu wochokera ku Kauma kapena ku Mtandire amene amagwira ntchito kumayadi akudziwa ndalama imene njinga imamupulumutsira pa mwezi.

Wina akabwera nkumakakamira chiwalo chimodzi cha njinga yanu yoyenda, monga habu kapena foloko, dzifunseni chifukwa chake. Musagulitse tsiku lomwelo. Funsani mtengo kwa amisiri awiri kapena atatu. Ndipo ganizani: mukachotsa chimenecho, mupeza china chokwana? Njinga yathunthu mungaisandutse chitsulo cha pa sikelo chifukwa cha ndalama ya tsiku limodzi. Ngati njingayo ndi ya malemu, yambani mwakambirana ndi abale. Milandu yambiri ya pabanja imayambira pa katundu wotere.

Nambala ya felemu

Yatsala nambala imodzi, ndipo imeneyi ingakupulumutseni ku chitokosi. Njinga iliyonse ya ku fakitale ili ndi nambala yakeyake yodindidwa pa felemu. Ifuneni pamwamba pa mpope wa chishalo, kapena tembenuzani njinga muone kunsi kwa malo a mapedulo, kapenanso kumbuyo pamene gudumu limalowa. Ikopereni m'kope lanu lero lomwe. Njinga ikabedwa, nambala imeneyi ndiyo umboni wanu ku polisi. Kungonena kuti "yanga ndi yakuda, ili ndi belu" sikuthandiza, pakuti zakuda za belu zilipo zikwizikwi.

Pogula njinga yakale kapena felemu, onani nambalayo. Ngati inapalidwa ndi tupa, kapena pamalopo pokha pali penti yatsopano yokhuthala, bwezani ndalama m'thumba muzipita. Chimodzimodzi munthu wokugulitsani gudumu lathunthu madzulo, pa mtengo wotsika kwambiri, akuyang'ana uku ndi uku. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo wakubayo akathawa, amene amagwidwa ndi inu amene muli ndi katunduyo.

Mukagwirizana mtengo, lemberanani. Sipafunika loya ayi. Pepala la m'kope ndi bolopeni zakwana. Lembani mapepala awiri ofanana, lina la wogula, lina la wogulitsa, pamaso pa mboni. Ngati wogulitsa ali ndi chiphaso cha unzika, koperaninso nambala yake. Mungathe kulemba motere:

Ine ........................ wa m'mudzi mwa ........................ Mfumu Yaikulu ........................ boma la ........................ ndagulitsa njinga yanga kwa ........................ lero pa ........................

Mtundu wa njinga ........................

Nambala ya felemu ........................

Mtengo K ........................

Ndalama ndalandira yonse. Njingayi ndi yangayanga, ndipo palibe wina amene angailetse.

Wogulitsa ........................

Wogula ........................

Mboni ........................